Mlendo mmodzi pa timu: momwe ligi ya basketball ya ku Philippines imayezera ndi kusankhira osewera akunja

Ku Philippines munthu atha kukhala kuti anasewerapo mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, ndege yamutula kale ku Manila, likulu la dzikolo, za malipiro agwirizana, koma ntchito n'kumuthera pa tepi yoyezera msinkhu. Ligi yawo ya basketball, Philippine Basketball Association, imene aliyense amangoti PBA, imalola timu kulemba wosewera wakunja m'zikho ziwiri mwa zitatu zimene amalimbirana pa chaka, ndipo kwa zaka zambiri lamulo lalikulu pa mlendoyo lakhala la kutalika kwake. Akapyola malire, ngakhale ndi kachigawo ka inchi, m'bwalo salowamo. Eni ake amamutcha import.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Salima ndi ku Nkhotakota kuposa momwe ikuonekera. Chikho chikangolengezedwa pa bwalo la sukulu kapena la pa boma, mkangano woyamba umakhala wa anyamata aganyu amene timu ina yakatenga ku Lilongwe. Ena amati aletsedwe, ena amati popanda iwo mpira sukoma. Afilipino akhala ndi funso lomweli kuyambira 1975. Iwo amalola mlendo, amamuyeza, kenako timu imayenera kuganiza mofatsa kuti mlendoyo akatseke dzenje liti. Timu imene yaganiza bwino pamenepa ndi imene imanyamula chikho, ndipo kawirikawiri si imene yagula dzina lalikulu.

PBA inasewera masewero ake oyamba pa 9 April 1975 ku Araneta Coliseum mu mzinda wa Quezon City, ndipo ndiyo ligi yoyamba ya basketball yolipira osewera mu Asia. Matimu ake saimira mizinda. Ndi a makampani, ndipo amatenga dzina la katundu amene kampaniyo ikugulitsa: San Miguel Beermen ndi mowa, Barangay Ginebra ndi jini, Meralco Bolts ndi kampani ya magetsi, Rain or Shine ndi penti, TNT ndi ya mafoni. Kwa ife si zachilendo kwenikweni, poti Silver Strikers timaidziwa kuti ndi ya Reserve Bank ndipo MAFCO ya kwathu kuno ndi ya asilikali. Kuyambira 2014 matimu akhala 12. Atatu mwa iwo, San Miguel, Ginebra ndi Magnolia, ndi a San Miguel Corporation. Ena atatu, TNT, Meralco ndi NLEX, ali pansi pa makampani a Manny V. Pangilinan. Zikho zambiri za zaka zaposachedwa zathera m'manja mwa magulu awiriwa, ndipo ichi muzikhala nacho m'mutu mukamaona timu ina ikusintha mlendo kawiri katatu pamene inzake ikukakamira amene inayamba naye chifukwa thumba silikulola.

Chaka chawo amachigawa m'zikho zitatu, chilichonse ndi katswiri wake. Philippine Cup ndi cha eni dziko okhaokha, ndipo ndicho amachilemekeza koposa. Commissioner's Cup ndi Governors' Cup ndizo za alendo. Timu ikatenga zonse zitatu m'chaka chimodzi amati yachita Grand Slam, ndipo zachitika kasanu kokha: Crispa mu 1976 ndi 1983, San Miguel mu 1989, Alaska mu 1996, ndi San Mig Coffee mu 2014. Kuvuta kwake n'koti timu imodzimodziyo imayenera kupambana mipira itatu yosiyana, wopanda mlendo, wa mlendo wamtali, ndi wa mlendo wamfupi.

Malire a msinkhu

Mu Governors' Cup malire akhala otsika. Kwa zaka zingapo anali mafiti 6 ndi mainchesi 5, pafupifupi masentimita 196, kenako anakwera kufika pa 6-6, masentimita 198. Commissioner's Cup ndicho chikho cha zimphona: 6-10 mu 2022-23, 6-9 mu 2023-24, ndipo mu 2024-25 anachotseratu malire. Panalinso nyengo imene ligi inayesa kukweza matimu ofooka powalola mlendo wamsinkhu uliwonse pamene amphamvu anali ndi malire. N'chifukwa chake mu 2015 timu yatsopano ya Kia inabweretsa Peter John Ramos wa ku Puerto Rico, munthu wa 7-3, masentimita 221. Chaka chomwecho mu Governors' Cup analola timu kuwonjezera mlendo wachiwiri wochokera m'maiko a mu Asia, wosapyola 6-3. Lamuloli silinakhalitse.

Cholinga cha malire n'chosavuta kumva. Osewera aatali ndi ochepa ku Philippines. June Mar Fajardo wa San Miguel, amene pofika 2024 anali atasankhidwa ka 8 kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ndi wa 6-10, ndipo amsinkhu wake amawerengeka ndi zala. Timu iliyonse itamabweretsa munthu wa mafiti 7 chaka chonse, ndiye kuti mnyamata wamtali wa dzikolo azingokhala pa benchi kudikira kuti mlendo apume. Malire akatsika, mlendo amakhala wosewera wa m'mbali, pansi pa ringi n'kutsala ntchito ya eni dziko. Malire akakwera, eni dziko aafupi ndi amene amagwira mpira nthawi zambiri, kuukonzera wamtaliyo. Zikho ziwirizi zimakulitsa osewera osiyana, ndipo ine ndimaona kuti nzeru yonse ya dongosololi yagona pamenepa. Kuchotseratu malire kumene anachita mu 2024-25 kunakometsa masewero ena, koma sindikuona kuti kungathandize ligi imene ikufuna kudzipangira yokha osewera apakati.

Ligi ya ku South Korea inayesa zofanana mu 2018 poika malire a mamita 2, ndipo David Simon wa ku America, amene anali atasewera bwino kumeneko, anabwezedwa chifukwa cha masentimita awiri okha. Anthu anadandaula kwambiri ndipo lamulolo linatha patapita chaka. Ku Philippines lakhazikika chifukwa aliyense amalidziwa asanayambe n'komwe kusaka wosewera.

Kayezedwe kake n'koyenera kukamvetsa. Mlendo akafika amapita naye ku ofesi ya ligi, amavula nsapato, ndipo amamuyeza atagona chagada, miyendo itawongoka. Munthu ataimirira atha kuba msinkhu: apinde mawondo pang'ono, abweze khosi, atsitse mapewa, inchi yatha. Atagona zonsezi zimavuta. Zotsatira amazilemba mpaka tizigawo ting'onoting'ono, moti m'nyuzi zawo mumapeza zolembedwa ngati 6-5 ndi 13/16. Palinso za thupi zimene osaka osewera amazidziwa. Pakati pa mafupa a msana pali timinofu tofewa tosunga madzi. Usiku munthu akagona timafufuma, masana akamayenda ndi kunyamula zolemera timaphwa, kotero m'mawa munthu amatalikirapo ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo kusiyana ndi madzulo. Amene ali m'mphepete mwa malire sangafune kuyezedwa atangodzuka kumene.

Cholakwika china chimachokera pa manambala a pa pepala. Ku America msinkhu wa osewera unkalembedwa atavala nsapato, ndipo NBA yeniyeniyo inalamula matimu kuyeza opanda nsapato mu 2019. Choncho munthu wolembedwa 6-7 ku koleji atha kulowa bwinobwino pa malire a 6-6, pamene wina amene anadzichepetsa dala pa pepala amakakanidwa ali kale ku Manila. Timu yochenjera imatuma munthu kukamuyeza komwe ali isanagule tikiti ya ndege. Kupatula msinkhu pamafunika kalata yomumasula kuchokera komwe anasewera komaliza, monga mwa malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball pa dziko lonse, chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo, ndi laisensi ya Games and Amusements Board, bungwe la boma loyang'anira masewero olipidwa. Kalata yomumasula ndi imene imachedwa kawirikawiri, makamaka ngati timu yake yakale ikuti mgwirizano sunathe. Zikatero timu imalowa m'bwalo ndi eni dziko okhaokha kulimbana ndi anzawo amene ali ndi mlendo, ndipo masewero awiri oluza motero ndi okwanira kuisowetsa malo abwino mu ndime yachipulula.

Ntchito imene mlendo amaipeza

Masewero a PBA ndi a makota anayi a mphindi 12, zonse pamodzi 48, ndipo wosewera amatuluka akachita mafaulo 6. Ife kuno timatsata FIBA, mphindi 10 pa kota ndi mafaulo 5. Mphindi 8 zoonjezerazo zimagwera mlendo. Ku Europe kapena mu G League, ligi yaing'ono ya pansi pa NBA, munthu anazolowera kusewera mphindi makumi awiri ndi zingapo, ntchito yake ili imodzi. Ku Manila amayembekezeka kukhala m'bwalo mphindi 40 kapena kuposa, agoletse, atole ma rebound (mipira yobwerera ikalephera kulowa mu ringi), apatsire anzake, ndiponso atchinge. Wobwera ndi thupi lolemera amaoneka bwino kota yoyamba ndi yachiwiri. Ikafika yachinayi mipira yake imayamba kugunda kutsogolo kwa ringi, chizindikiro chakuti miyendo yatha, ndipo pobwerera kukatchinga amatsala m'mbuyo akukambirana ndi woimbira.

Kale ligiyi inkadziwika ndi alendo ogoletsa modabwitsa. Michael Hackett wa Ginebra anagoletsa mapointi 103 m'masewero amodzi mu 1985, ndipo Tony Harris wa Swift anafika pa 105 mu 1992 ku Iloilo. Billy Ray Bates, amene anasewerapo ku Portland Trail Blazers mu NBA, anathandiza Crispa pa Grand Slam ya 1983. Mphoto ya mlendo wopambana onse inapatsidwa dzina la Bobby Parks, amene anaitenga ka 7. Koma mpira wa masiku ano sulola zimenezo. Mlendo akangogwira mpira pamalo ake, anthu awiri amamutsekera, wachitatu ali chire. Funso limakhala loti kodi autulutsa msanga kwa mnzake amene watsala yekha pakona, nanga mnzakeyo aponya molimba mtima? Mlendo wokakamira mpira amaphetsa timu m'njira yosaoneka pa mapointi ake. Eni dziko akatha mphindi zisanu osaukhudza amazizira manja, amaleka kuthamangira malo, ndipo kutchinga nakonso kumafooka, chifukwa munthu amene sakupatsidwa mpira kutsogolo sadzipereka kumbuyo.

Za mafaulo nazo zili ndi machenjera ake. Timu iliyonse imakhala ndi mwini dziko wamphamvu amene ntchito yake n'kumamatira mlendo, kumukankha, kumukoka jezi, kumuputa mpaka apse mtima. Iyeyo akatuluka ndi mafaulo timu yake sitaya zambiri, koma mlendo akachita faulo yachitatu isanathe hafu yoyamba, mphunzitsi amakakamizika kumukhazika pansi. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri salola mlendo wawo kumaka mlendo mnzake kuyambira pachiyambi. Amamupatsa mwini dziko wosaponya bwino kuti asunge miyendo ndi mafaulo, n'kudzawakumanitsa awiriwo m'mphindi zomaliza. Alendo akafanana mphamvu, masewero amagamulidwa ndi anayi enawo.

Amene akufuna kuona kusankha kwabwino ayang'ane Justin Brownlee. Sanasewerepo masewero a ligi ya NBA, ndipo ku Ginebra anabwera mu 2016 ngati wogwirizira, Paul Harris atavulala chala chachikulu kumayambiriro kwa Governors' Cup. Msinkhu wake sufika 6-5. Mu fainolo ya masewero 7 yolimbana ndi Meralco, pa masewero achisanu ndi chimodzi, zigoli zili 88 kwa 88, anaponya ya mapointi atatu belu likulira, Ginebra n'kutenga chikho choyamba kuchokera mu 2008. Chigoli chimenecho ndi chimene anthu amakumbukira, koma chimene chinamukhalitsa ndi china. Mphunzitsi Tim Cone amaseweretsa mpira wodalira kupatsirana ndi kuwerenga malo, ndipo Brownlee ndi munthu wopatsira msanga, wosadandaula akagoletsa mnzake, wotha kumaka wamfupi ndi wamtali yemwe.

Umboni waukulu unabwera mu Commissioner's Cup ya 2018. Malire anali 6-10, matimu ena anatenga zimphona, Ginebra nayo inayamba ndi wamtali, Charles García. Zitavuta inaitanitsa Brownlee, wamfupi ndi mainchesi asanu kuposa zimene lamulo linkalola, ndipo inagonjetsa San Miguel mu fainolo. Zinatheka chifukwa Ginebra inali kale ndi aatali akeake, Greg Slaughter wa mafiti 7 ndi Japeth Aguilar wa 6-9. Dzenje lake silinali pansi pa ringi. Kutenga chimphona china kukanangodzaza anthu pamalo amodzi, aliyense kutsekereza mnzake njira. Timu ina yopanda aatali ikanachita zomwezo ikanaluza ma rebound usiku uliwonse. Malire amangokuuzani pomwe musapyole, sakukakamizani kufikapo.

Anabwerezanso zomwezi mu 2022-23, pamene ligi inaitana timu ya alendo, Bay Area Dragons ya ku Hong Kong, yophunzitsidwa ndi Brian Goorjian. Iwo anali ndi akunja awiri, Andrew Nicholson wamtali ndi Myles Powell wamfupi, koma ankaloledwa kugwiritsa ntchito mmodzi pa nthawi. Nicholson anavulala kakolo mkati mwa fainolo, Powell ndiye anamaliza. Masewero achisanu ndi chiwiri anachitikira ku Philippine Arena ku Bocaue pa 15 January 2023 pamaso pa anthu 54,589, chiwerengero chachikulu koposa m'mbiri ya ligi, ndipo Ginebra inapambana 114 kwa 99. Chimenecho chinali chikho chachisanu ndi chimodzi cha Brownlee ndi timu imodzi. Mwezi womwewo anapatsidwa unzika wa Philippines, ndipo mu October anathandiza dzikolo kutenga golide wa Asian Games ku Hangzhou, woyamba kuchokera mu 1962. Ngakhale zili choncho, mu PBA amawerengedwabe ngati import. Lamulo la unzika ndi lamulo la ligi anazilekanitsa dala, apo ayi timu yolemera ikanapeza njira yokhalira ndi alendo awiri m'bwalo.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo alendo ambiri a PBA alidi choncho, miyezi itatu basi apita. Koma mukaona mndandanda wa akatswiri mupeza kuti zikho zimakonda obwerera. Sean Chambers anasewera ndi Alaska kwa zaka zoposa khumi. Norman Black anabwera ngati wosewera, n'kudzakhala mphunzitsi wa San Miguel pa Grand Slam ya 1989. Wobwerera safuna kuphunzitsidwa kuti mnzake uyu amakonda mpira pachifuwa, uyo amathamangira pakona yakumanzere, komanso kuti oimbira a kumeneko amalola kukhudzana kotani. Amene anathyola ufumu wa Brownlee nayenso ndi wobwerera. Rondae Hollis-Jefferson, wamanzere amene anasewerapo ku Brooklyn Nets, analowa ku TNT mu Governors' Cup ya 2023 m'malo mwa Jalen Hudson, ndipo anagonjetsa Ginebra mu fainolo chaka chimenecho, mu Governors' Cup ya 2024, ndi mu Commissioner's Cup imene inatha mu March 2025 ndi masewero achisanu ndi chiwiri ofika mu nthawi yoonjezera. Si woponya patali wodalirika. Mphamvu yake ndi kutchinga aliyense, kuthamanga ndi mpira bwalo lonse, ndi kusatopa. Abale athu achisilamu a m'mbali mwa nyanja muno angakonde kudziwa kuti fainolo ya 2023 ndi ya 2025 zinagwera m'mwezi wa Ramadan, ndipo iye ankasewera ali pa swaumu.

Chitsanzo chimene ndimachikonda koposa ndi cha Rain or Shine mu Commissioner's Cup ya 2016. Mphunzitsi Yeng Guiao atayesa alendo angapo anakhazikika pa Pierre Henderson-Niles, munthu wojintcha amene sankagoletsa zambiri. Ntchito yake inali kutseka pakati, kutola ma rebound, ndi kuimika thupi kuti oponya a timuyo apeze mpata. Mapointi ankachokera kwa eni dziko. Anagonjetsa Alaska mu fainolo, timu yosakhala m'magulu awiri olemera aja n'kunyamula chikho ndi mlendo amene matimu ena akanamubweza sabata yoyamba.

Kusintha mlendo pakati pa chikho n'kololedwa, ndipo nthawi zina kumapulumutsa. San Miguel inachotsa Charles Rhodes mu 2019 n'kutenga Chris McCullough, ndipo inakagonjetsa TNT ya Terrence Jones, amene anali atasankhidwa kukhala mlendo wopambana onse. Mu 2023-24 inachitanso chimodzimodzi, Bennie Boatwright kulowa m'malo mwa Ivan Aska, chikho n'kubwera. Koma San Miguel ili ndi Fajardo ndi gulu lodziwana, kotero mlendo amangolowa m'nyumba yomanga kale. Timu yofooka ikamasintha imataya kawiri. Ndime yoyamba imakhala ya masewero pafupifupi 11, ndipo watsopano amafuna masiku oti thupi lizolowere kusiyana kwa maola ndi chinyontho cha Manila, kuwonjezera apo masewero awiri atatu oti adziwane ndi anzake. Mukasintha kachitatu, theka la ndimeyo lapita mukuyesa anthu. Nthawi zambiri vuto silinali mlendo n'komwe, linali loti timu ilibe woyendetsa mpira woti amufikitsire pamalo ake.

Masewero oyambirirawa ndi ofunika chifukwa cha lamulo lawo la twice-to-beat. Matimu 8 amalowa mu ndime yachipulula, ndipo omaliza pamwamba amapatsidwa mwayi woti akapambana kamodzi adutsa, pamene wotsika ayenera kuwagonjetsa kawiri motsatizana. M'zikho zingapo mwayiwu wakhala wa nambala 1 ndi 2 okha, nambala 3 mpaka 6 n'kumakumana m'masewero atatu. Fainolo ndi ya masewero 7, woyamba kupambana 4 ndiye katswiri. Kuyambira 2024 anawonjezanso mzere wa mapointi anayi pa mafiti 27, mamita 8 ndi pang'ono kuchokera pa ringi, kuseri kwa mzere wa atatu. Timu yotsogola ndi mapointi anayi m'masekondi omaliza siingapumenso, ndipo mlendo woponya patali wakwera mtengo.

Kuonera tili kuno

Manila ili patsogolo pathu ndi maola 6. Masewero oyamba 5 koloko madzulo kumeneko amatipeza 11 koloko m'mawa, a 7:30 usiku amatipeza 1:30 masana, choncho Lamlungu munthu atha kuonera atachoka ku tchalitchi. Masewero athunthu amadya bandulo kwambiri chifukwa amapitirira maola awiri. Zidule zake zimapezeka pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo olengeza amasakaniza Chitagalogi ndi Chingerezi. Koma zidule zimanamiza, poti zimaonetsa ma dunk okhaokha, kudumpha n'kukankhira mpira mu ringi ndi dzanja. Kuti muweruze mlendo tsegulani tebulo la ziwerengero za masewerowo. Onani mapointi pamodzi ndi mipira imene waponya: woti wagoletsa 35 ataponya ka 32 wadyera anzake, woti wagoletsa 26 ataponya ka 17 n'kupatsira 8 wagwira ntchito. Onani mipira imene wataya, mafaulo ake, ndi mphindi zake. Kenako onani eni dziko angati afika mapointi 10. Akakhala mmodzi yekha, timu imeneyo sipita patali ngakhale itapambana tsiku limenelo.

Zoti tingatengeko pa zikho zathu

Choyamba n'kugwirizana kuti mlendo ndani, ndipo zilembedwe timu isanalipire ndalama yolowera. Chiphaso cha unzika pachokha sichithetsa nkhani, chifukwa munthu atha kukhala wa kwa Khombedza pa chiphaso koma akusewera ligi ya m'chigawo chapakati ya CEZOBAL ku Lilongwe chaka chonse. Nanga mwana wa ku Chipoka kapena ku Dwangwa amene ali ku koleji ndipo wabwera ku holide? Ine ndingati ameneyo ndi wathu, asewere ngati mwini mudzi, koma timu isakhale ndi oposa awiri otere m'bwalo nthawi imodzi. PBA nayo inaikapo malire pa chiwerengero cha osewera a magazi a Chifilipino amene anakulira kunja. Mlendo weniweni ndi amene sakhala, saphunzira ndipo sagwira ntchito m'bomalo, komanso si kwawo. Ameneyo akhale mmodzi pa timu.

Malire a msinkhu musakopere a ku Manila, poti 6-6 kuno ndi chimphona kale. Yezani osewera aatali a matimu onse olowa chikho, mutenge msinkhu wa wamtali wachitatu kapena wachinayi, amenewo akhale malire a mlendo. Mukatero anyamata athu aatali adzakhalabe ndi ntchito pansi pa ringi, ndipo mlendo adzabwera kudzaonetsa kayendetsedwe ka mpira ndi kaponyedwe, zimene timasowa kwambiri. Poyeza pezani khoma lowongoka ndi simenti yosalala, m'kalasi mwabwino kuposa pabwalo. Munthu avule nsapato ndi masokosi, zidendene, matako ndi mapewa zikhudze khoma, maso ayang'ane kutsogolo. Mmodzi agwire mawondo kuti asapinde. Pamutu ikani sikweya ya akalipentala, mbali ina itatsamira khoma, ipanikize tsitsi mpaka ikhudze mutu, mulembe mzere ndi pensulo. Buku kapena rula zimapendekeka, ndipo kupendekeka pang'ono ndi sentimita yathunthu. Gwiritsani tepi yachitsulo ya amisiri, ya atelala imatamuka. Alendo onse ayezedwe ola limodzi, makapiteni a matimu ena akuona, asaine papepala, ndipo kuyeza kukhale kamodzi.

Tsekani khomo losinthira msanga. Chimene chimawononga zikho zathu ndi timu imene yadutsa m'magulu ndi ana a m'mudzi, tsiku la fainolo n'kutsitsa nkhope zachilendo pa minibasi ya m'mawa. Lembani kuti amene sanasewere masewero awiri a m'gulu saloledwa mu ndime yachipulula, ndipo wovulala angalowedwe m'malo pokhapokha ndime ya m'magulu isanathe. Ngati mukufuna kuti eni mudzi azolowere kunyamula masewero okha, onjezani kuti kota yachiwiri yonse alendo a mbali zonse akhale pa benchi. Mphindi 10 zimenezo zidzaonetsa timu imene yakonzekera.

Kwa oyendetsa matimu, musanaimbe foni ku Lilongwe khalani pansi muone masewero anu atatu apitawo munaluzira pati. Ngati mpira umakutherani pakati pa bwalo adani akakupanikizani, mukufuna woyendetsa mpira, ngakhale akhale wamfupi kuposa nonse. Ngati adani amaponya kawiri katatu pa ulendo umodzi, mukufuna wotola ma rebound. Mlendoyo afike kusanatsale tsiku limodzi kuti achite nanu maphunziro kawiri, ndipo mumuphunzitse njira zitatu zokha zoyambira, zambiri adzasokoneza. Kumbukiraninso kutentha. Wochokera kumtunda ku Lilongwe akafika kunyanja kuno mu October kapena November, pa bwalo la simenti masana, mphamvu zimamuthera msanga kuposa momwe iye akuganizira. Mupumitseni mphindi ziwiri kumapeto kwa kota yoyamba ndi yachitatu, kuti pamodzi ndi nthawi yopuma pakati pa makota apeze mpweya wokwanira, ndipo madzi ayambe kumwa m'mawa, asadikire ludzu. Za ndalama mugwirizane polemba: thiransipoti, chakudya, pogona, ndi malipiro a pa masewero alionse, gawo lalikulu lidzaperekedwe chikho chikatha. Ngati ali ndi timu yake mu ligi, mphunzitsi wake adziwe ndipo avomere, chifukwa akamuitana Loweruka usiku kuti Lamlungu ali ndi masewero ku Lilongwe, adzapita, inu n'kulowa fainolo ndi anthu amene sabata yonse amangophunzira kumupatsira iyeyo.